Kusudzula: Ulendo wa Nkhalamba Wobwerera Kwawo

Kale pakati pa Achewa a ku Dedza, Lilongwe ndi Dowa, mwamuna ankakwatira chikamwini. Ankamanga nyumba kwa mkazi wake, nalima munda umene apongozi anampatsa. Mkaziyo akamwalira, mwamunayo ankasudzulidwa ukatha mwambo wa kumeta, ngakhale atakhala pamudzipo zaka 40. Munda ndi ana zinali za mtundu wa mkazi. Iye ankanyamula khasu, nkhwangwa, mphasa ndi zovala basi.

Komatu sankachoka ngati wopirikitsidwa. Ankhoswe ankamperekeza kwawo, kumene alongo ake ankamlandira. Ana a alongowo ankadula mitengo, namweta udzu, nam'mangira kanyumba pafupi ndi khomo lawo, kuti nsima izimfika ili yotentha, ndi kuti akatsokomola usiku amveke. Mkamwini amene anakhala bwino ndi anthu, eni mudzi ankamuumiriza kuti asachoke.

Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza wotsalayo kuti asalandidwe katundu wa m'nyumba. Koma lamulo silimweta udzu. Ntchito imeneyo ikadali ya adzukulu, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.