Kupala matabwa: kuchokera ku mishoni mpaka ku Ndirande

Makolo athu ankaudziwa mtengo Azungu asanabwere. Ankasema mitondo, mipini, ng'oma ndi mabwato pogwiritsa ntchito nkhwangwa ndi kasemasema basi, ndipo mwana ankaphunzira poonerera bambo ake kapena malume ake. Koma zonsezo zinkatuluka m'chipika chimodzi. Kucheka thabwa, kulipala mpaka lisalale, n'kulilumikiza ndi linzake kuti pakhale chitseko chotsekeka bwino, imeneyo ndi ntchito imene inabwera ndi amishoni, ndipo inabwera ndi kaphunziridwe kakekake.

Amishoni a ku Scotland atakhazikika ku Blantyre mu 1876, anafuna zitseko, mawindo ndi mabenchi. Kuitanitsa zonsezi kunja, kudzera pa Zambezi ndi Shire, kunali kodula, choncho anayamba kuphunzitsa anyamata a konkuno. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, chinali sukulu pachokha. David Clement Scott amene ankatsogolera sanaphunzire zojambula mapulani a nyumba, ndipo oumba njerwa ndi opala matabwa ankaphunzira ntchito ili mkati.

Kumene kuphunzira ntchitoyi kunakhazikitsidwa mwadongosolo ndi ku Livingstonia. Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, anatsegula Overtoun Institution, kumene ukalipentala unkaphunzitsidwa pamodzi ndi kumanga nyumba ndi kusindikiza mabuku. Mnyamata ankalowa pangano lomumanga zaka zingapo. Sankachoka chifukwa choti wadziwa kukhoma tebulo. Tisawakometse kwambiri amishoniwo, pakuti boma la atsamunda ndi eni maesiteti nawo ankafuna amisiri otchipa. Ndipo ambiri mwa ophunzirawo, ataona malipiro a kuno, ananyamula zida zawo n'kulowera ku Halale, ku Joni ndi kumigodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia. Tinkaphunzitsa ife, okhalira mipando yabwino n'kukhala ena.

Ine ndinalowa ntchitoyi m'ma 1980 kwa mmisiri wina wachikulire ku Ndirande, amene naye anaphunzira kwa munthu wa kumishoni. Miyezi yoyamba sindinakhudze thabwa la kasitomala. Yanga inali kusesa utuchi, kugwirira thabwa iwo akucheka, ndi kunola tchizulo pamwala. Ndikati, "Bambo, ndiyeseko kupala," ankangoti, "Iwe mwana, nola kaye." Kenako anandipatsa sikweya ndi pensulo, ndipo sowo ndinaigwira nditadziwa kulemba mzere wowongoka. Chimene chinanditengera nthawi yaitali ndi kulumikiza: kuboola bowo la makona anayi m'thabwa limodzi, n'kusema nsonga ya linalo kuti ilowemo ndendende, yosagwedera, yosang'ambanso thabwa. Chitseko chenicheni chimagwira chifukwa cha pamenepo. Aphunzitsi angawo msomali ankauona ngati manyazi, ndipo akaupeza pamene sukuyenera, ankakuuza kuti uphwasule uyambirenso.

Anzanga ena anadzera njira ya boma, m'masukulu a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Namitete, Nasawa ndi Mzuzu, n'kumalemba mayeso a Trade Test kuyambira Giredi 3 kukwera mpaka Giredi 1. Mu 1999 kunabwera TEVETA kudzayang'anira maphunziro amenewa. Njirayi ndi yabwino, makamaka kwa wofuna ntchito kukampani, koma malo ake ndi ochepa. Akalipentala ambiri amene mumawaona m'mbali mwa msewu ku Ndirande kapena ku Mchesi anaphunzira ngati ine, pansi pa shedi ya munthu.

Zinthu ziwiri zinasintha ntchitoyi ine ndikuona. Choyamba ndi mtengo. Aphunzitsi anga anakulira pa mbawa, mlombwa ndi mkungudza wa ku Mulanje, matabwa amene ankawaumika miyezi asanawakhudze. Mitengo imeneyo itayamba kusowa, tinatembenukira ku paini wa ku Chikangawa, nkhalango imene kudzala kwake kunakula m'ma 1960, ndi bulugamu. Paini ndi wofewa, amalola msomali, ndipo amagulitsidwa asanaume. Mnyamata woyambira pa paini wauwisi saona chifukwa chovutikira ndi tchizulo. Amakhoma, n'kupaka guluu ndi vanishi, ndipo chitseko chimadzapindika chili kale kwa mwini wake.

Chachiwiri ndi chowawa kuchikamba. M'ma 1990, Edzi itafika povuta, mashedi ambiri anasanduka opanga mabokosi a maliro, chifukwa ndiwo ankayenda malonda tsiku ndi tsiku. Sindikuwanena anzangawo, ana ankafunika kudya. Koma bokosi limaphunzirika m'milungu yochepa, ndipo palibe amene amabwera nalo kudzadandaula. Anyamata ambiri anatuluka m'nyengo imeneyo akutchedwa akalipentala asanapangepo windo ngakhale limodzi, ndipo ena mwa iwo ndi amene akuphunzitsa anzawo lero.

Inu makolo amene mukufuna kupereka mwana kwa mmisiri, musakopeke ndi sofa zonyezimira zimene waika pamsewu. Mupempheni akusonyezeni chitseko kapena kabati imene anapanga kalekale, mukaitsegule ndi kuitseka nokha. Mukakhutira, gwirizanani pamaso pa mboni kuti mwanayo akhala zaka zingati, adzidya chiyani masana, ndipo pomaliza adzatuluka ndi zida ziti.