Kuzindikira Sitima Yamalasha pa Chithunzi Chakale

M'mabanja ambiri m'dziko muno muli zithunzi zakale zimene zimasungidwa pansi pa sutikesi kapena kupachikidwa pakhoma. Mwa zithunzi zotere mumapezeka china choonetsa mwamuna ataima monyadira pafupi ndi mutu wa sitima yamalasha. Kawirikawiri kuseri kwa chithunzicho sikukhala dzina, chaka kapena malo. Mwini wake anatisiya kale, ndipo otsala amangoti, "Awa ndi agogo ali kunjanji." Koma kunjanji kwake kuti, nanga liti? Sitima yomweyo ingathe kuyankha mafunso awiriwa ngati munthu adziwa poyang'ana.

Choyamba ndi kudziwa mbiri ya njanji, popeza sitima singajambulidwe kumene njanji inali isanafike. Njanji ya Shire Highlands Railway, yochokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Pa nthawiyo katundu ankabwera pa sitima zapamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire. Madzi a Shire atayamba kuchepa, njanji inatalikitsidwa mpaka ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi. M'chaka cha 1922 njanji ya Trans-Zambesia yochokera cha ku Beira inafika tsidya lina la mtsinjewo, koma anthu ndi katundu ankaolokabe pamadzi kufikira 1935 pamene mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa. Chaka chomwecho njanji inafikanso ku Salima. Choncho ngati chikwangwani cha siteshoni ya Salima chikuoneka pachithunzi, tidziwiretu kuti si cha zaka za m'ma 1920. Ku Lilongwe njanji inafika mu 1979, sitima zamalasha zitapumitsidwa kale, motero wonena kuti chithunzi chotere chinajambulidwa kumeneko wasokoneza malo.

Chachiwiri ndi kuwerenga magudumu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pamenepa mpofunikadi kudekha. Mutu wa sitima yamalasha umakhala ndi magudumu a mitundu itatu: aang'ono akutsogolo amene amaongolera pokhota, aakulu apakati olumikizidwa ndi mkono wachitsulo amene amakoka sitima, ndi aang'ono akumbuyo amene amasenza ng'anjo yamoto. Akatswiri amalemba chiwerengero cha magudumu a mitundu itatuyi motsatana. Mutu wa 2-8-2 uli ndi awiri kutsogolo, asanu ndi atatu pakati, ndi awiri kumbuyo. Popeza chithunzi chimaonetsa mbali imodzi yokha, chiwerengero chimene tapeza tichiwirikize kawiri. Magudumu a ngolo yonyamula madzi ndi malasha, imene imamangiriridwa kumbuyo, sawerengedwa.

Tikapeza chiwerengerocho tingathe kuchifananitsa ndi mitu imene inagwira ntchito kuno. Yoyambirira inali iwiri yaing'ono ya 0-6-0, yotchedwa Thistle ndi Shamrock, yopangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ya ku Stafford ku Mangalande. Mitu imeneyi inalibe ngolo yamadzi, chifukwa thanki yake inali pamwamba, yokuta msana ngati chishalo cha bulu. Pofika zaka za m'ma 1920 ndi 1930 ntchito yolemera inkagwiridwa ndi mitu ya gulu D, ya 4-8-0, yopanda magudumu aang'ono kumbuyo. Kuyambira 1949 kunabwera mitu yaikulu ya gulu G, ya 2-8-2, imene inatumikira mpaka pamene sitima zadizilo, zomwe zinayamba kufika m'zaka za m'ma 1960, zinalanda ntchito yonse. Motero munthu woima pafupi ndi mutu wa gulu G sanajambulidwe nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe.

Chachitatu ndi zolembedwa. Mutu uliwonse unkakhala ndi nambala yake, ndiponso kachitsulo kosonyeza kampani imene inaupanga ndi chaka chake. Galasi lokuzira zinthu limathandiza kuwerenga zilembo zimene maso okha sangazione. Dzina la mwini njanji, ngati likuoneka pa ngolo kapena pa mabogi, ndi umboni winanso. Kampani ya Nyasaland Railways inakhazikitsidwa m'chaka cha 1930, ndipo dzina la Malawi Railways linabwera dziko litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964.

Tisaiwale kuti si chithunzi chilichonse cha m'banja lachimalawi chimene chinajambulidwa m'Malawi. Amuna zikwizikwi anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ena paokha, ena kudzera ku Mthandizi ndi Wenela. Ambiri ankatumiza zithunzi kumudzi kuti abale aone kuti ali moyo. Ngati mutu wa sitima ndi wautali kwambiri, wokhala ndi thanki yamadzi kutsogolo kwa chumuni ndiponso magulu awiri a magudumu aakulu, umenewo ndi mtundu wa Garratt. Mitu yotere inali yochuluka pa njanji za Rhodesia, makamaka cha ku Bulawayo. Chithunzi chotero chingaulule kuti agogo anali kutheba, ngakhale pamene abale anaiwala za ulendowo.

Komabe wofufuza mbiri asathamange. Chaka chimene mutu unapangidwa chimangotiuza malire a kumbuyo, chifukwa mitu imeneyi inkagwira ntchito zaka makumi angapo. Thistle ndi Shamrock zitakalamba zinapatsidwa ntchito yokankha mabogi m'masiteshoni, choncho chithunzi chake chingakhale cha 1910 kapena cha zaka zambiri pambuyo pake. Kuima pafupi ndi sitima sikutanthauzanso kuti munthuyo ankaiyendetsa. Pa nthawi ya atsamunda ntchito zambiri zapamwamba kunjanji zinali m'manja mwa Azungu ndi Amwenye, pamene anthu akuda ankasonkhezera moto, kupukuta zitsulo, kukonza njanji ndi kunyamula katundu. Zovala za munthuyo, fosholo kapena nyale m'dzanja lake, ndizo zingatiuze udindo wake.

Zimene tapeza ziyenera kutsimikizidwa. Shamrock inasungidwa ku nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri, ndipo Thistle pa siteshoni ya Limbe, kumene kunali likulu la njanji. Masitampa a Malawi a 1968 anaonetsa Thistle ndi mutu wa gulu G. Zolembedwa zakale zimapezeka ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mumzinda wa Blantyre. Koma mboni zofunika koposa ndi okalamba amene anagwirapo ntchito kunjanji, ndipo iwo akutha chaka ndi chaka. Paja safunsa anadya phula.

Mabuku a mbiri anasunga mayina a makampani ndi a sitima, koma mayina a anthu amene anasenza dothi ndi kuthira malasha m'ng'anjo analembedwa ochepa. Wophunzira amene apeza malo ndi nthawi ya chithunzi cha m'banja mwake, ndi kulemba zimenezi papepala pamodzi ndi dzina la mwini nkhope, wabwezera munthu mmodzi m'mbiri ya dziko lake.