Kuchokera pa Kachebere Kufika pa Ludzi: Mbiri ya Maphunziro a Atsikana m'Boma la Mchinji

Boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning, lili kumalire a dziko la Malaŵi ndi Zambia. M'chaka cha 1903 ansembe a chipani cha White Fathers adamanga mishoni pa Kachebere, pakati pa Angoni ndi Acheŵa. Monga mwa chizoloŵezi cha amishoni, adayambitsanso sukulu ndi kutumiza aphunzitsi m'midzi. M'chaka cha 1939 pamalo omwewo padatsegulidwa seminale yaikulu, kumene anyamata ankaphunzira mpaka kudzozedwa unsembe.

Nanga mlongo wake wa mnyamatayo adali kuti? Kaŵirikaŵiri adali pamtondo, kuchitsime kapena kumunda. Akatha msinkhu, anamkungwi ankamulanga, ndipo posakhalitsa ankaloŵa m'banja. Sikuti makolo adali ouma mtima ai. Sukulu idali kutali, aphunzitsi ambiri adali amuna, ndipo ndalama zikapereŵera, wopita kusukulu ankakhala mwana wamwamuna.

Zinthu zidayamba kusintha pamene asisteri a chipani cha Sisters of Charity of Ottawa, ochokera ku Canada, adafika pa mishoni ya Guilleme m'chaka cha 1946. Pambuyo pake adafikanso pa Ludzi, pamene lero pali sukulu ya sekondale ya atsikana yodziŵika m'dziko lonse. Nzeru yao idali ya sukulu zogonera komweko. Mtsikana wogona pasukulu sayenda mtunda wautali m'maŵa, salova chifukwa cha mtsinje wodzaza, ndiponso amapeza nthaŵi yoŵerenga madzulo. Makolo naonso mtima unkakhala pansi podziŵa kuti mwana wao ali m'manja mwa amai anzao.

Koma sukulu zoterezi zidali zoŵerengeka, pamene midzi idali yambirimbiri. Ntchito yotsalayo idagwera boma. M'chaka cha 1991 padakhazikitsidwa ndondomeko ya GABLE, mothandizidwa ndi dziko la America, ndipo idachotsa fizi kwa atsikana a kupulayimale amene sankabwereza kalasi. M'chaka cha 1993 boma lidalola kuti mtsikana amene wasiya sukulu chifukwa cha pakati abwererenso akabereka. M'chaka cha 1994 maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ndipo chiŵerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Kenaka m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwanitse zaka 18.

Tsokonombwe adatha mtunda ndi kulumpha. Lero m'makalasi oyambirira atsikana amadzaza mofanana ndi anyamata. Vuto limaonekera kusekondale. Sukulu zambiri zoyendera za m'midzi zilibe malo ogona, choncho atsikana ena amachita lendi tizipinda pafupi ndi misika, popanda wamkulu woŵayang'anira, ndipo ena mwa iwo amabwerera kwao ali ndi pakati.

Motero mtunda umene udavutitsa agogo ao ndi womwewo ukuvutitsa zidzukulu. Mafumu, makolo ndi makomiti a sukulu amene akuumba njerwa zomangira nyumba zogonamo atsikana akupitiriza ntchito imene idayambika pa Guilleme m'chaka cha 1946.