Zipewa za M'mabuku ndi Zipewa za Kwathu

Buku linafika msanga kumapiri a Dowa. Mu Novembala 1889, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga hema wawo pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, ndipo mu 1894 mishoni ina inatsegulidwa pa Kongwe. Makina osindikizira anayamba kulira pa Mvera pomwepo likulu lisanasamukire ku Nkhoma, ndipo pa phiri la Kaso William Murray ankamasulira Baibulo. Samuel Josia Ntara, mlembi wa Nthondo, analembanso mbiri ya Msyamboza wa ku Chibanzi. Komatu ntchito yonseyi inkaloza kwa akulu, kapena kwa mwana woti aloweze zilembo. Buku loti mwana angoyang'ana zithunzi nkumaseka silinali m'maganizo a osindikiza.

Pomwetu mwana wa kuno ankawerenga zipewa asanadziwe a, e, i, o, u. Agogo anga ankati nthawi ya atsamunda munthu ankadziwikira kumutu akadali tsidya la dambo. Chipewa cholimba choyera chinali cha bwana wa pa boma, ndipo ana ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Asilikali a King's African Rifles anali ndi chisoti chawo. Mfumu inali ndi nduwira yake, Angoni a kwa Chiwere ndi nthenga zawo povina ingoma. Ife a m'badwo wa mabuku a Sosa ndi Timve and Tsala tinakula tikudziwa chipewa chakuda cha Kamuzu, choyendera limodzi ndi litchowa.

Chipewa chimene ndimachikonda ndi chonyozeka pa zonsezi: cha mlaza. Mlaza unkakwera kuchokera kunyanja, cha ku Salima, kudzera pa Mvera. Malume ankaung'amba timizere ndi kampeni, nkuunyika m'madzi kuti ufewe. Ankaluka chingwe chophwatalala, chachitali mpaka kumadzipiringa pamiyendo pawo, kenaka nkuyamba kusoka kuchokera paliwombo, mozungulira, akuyeza pabondo. Mlomo wa chipewa ankausiya wotakata, poti dzuwa la Okutobala pogalauza m'munda silisewera. Chikatha ntchito kumutu chinkapita kumunda, pamutu pa chidole choopsezera mbalame.

Kunja zipewa zinalowa m'mabuku a ana kalekale. Mu 1940 Esphyr Slobodkina anatulutsa Caps for Sale ku Amereka: wogulitsa zisoti agona pansi pa mtengo, anyani amutengera zonse, ndipo zimabwerera atakwiya nkuponya chake pansi, anyaniwo nkumutsanzira. Baba Wagué Diakité wa ku Mali anaijambulanso nthanoyi mu 1999, anthu ake ndi mitengo yake zili za kwawo. Mu 2011 Jon Klassen anabwera ndi I Want My Hat Back, nkhani ya chimbalangondo chofunafuna chipewa chake chofiira.

Nthano ya anyaniyo imandiwawa ndikaiona. Mwana wa m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, amene amalawirira kukalonda chimanga ali ndi legeni m'khosi, amadziwa nyani kuposa mwana aliyense wa ku New York. Amadziwa kuti wamkulu amakhala pamwala kuyang'anira anzake akuthyola, ndiponso kuti nyani saopa mwana ngati mmene amaopera bambo. Koma akatsegula buku lobwera ndi opereka thandizo amapezamo chimbalangondo ndi chipale chofewa.

Pulayimale yaulere ya 1994 inadzaza makalasi, ndipo National Reading Programme ya 2016 inabweretsa mabuku a Chichewa okhala ndi zithunzi. Ndimayamikira, ngakhale ambiri ndi ophunzitsira maliwu, otsekeredwa m'bokosi belu likalira. Pakadali pano zisoti za pakaunjika, zolembedwa mayina a matimu a mpira a kunja, zadzaza misika ya Mponela ndi Malomo, ndipo anyamata ofuna kuphunzira kuluka mlaza akuchepa. Wojambula amene angafune kuika chipewa cha malume m'buku la ana apite kwa oluka otsalawo, akaone mmene chala chachikulu chimapanira chingwe singano ikamalowa.