Mkungudza wa ku Mulanje ndi Lamulo la Mtengo Wouma

Ambiri a ife tidagwirapo kabokosi kofiirira kosema ndi manja, kamene apaulendo ankagula pa Likhubula kapena m'mbali mwa misewu ya mu Blantyre, ndipo tikatsekula chivundikiro chake fungo lokoma linkadzaza chipinda chonse. Fungo limenelo ndi la mkungudza, mtengo umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa phiri la Mulanje pokha, m'zigwa ndi m'makwaŵa a pamwamba, kuyambira pa mamita ngati 1,800 kukwera m'mwamba. Thabwa lake silifumbwa, chiswe sichilidya, ndipo ngakhale likhale m'madzi zaka zambiri siliwola msanga. N'chifukwa chake amisiri a denga, a mipando ndi okhoma maboti a ku nyanja ankaufuna kuposa mtengo wina uliwonse. Ubwino wake womwewo ndiwo udauitanira nkhwangwa.

Anthu a m'tsinde mwa phiri ankaudziŵa mtengowu kuyambira kale. Koma mbiri yake yolembedwa idayamba m'chaka cha 1891, pamene Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, adakwera phirilo natola nthambi ndi njere zake. Akatswiri a ku London adautcha dzina lakuti Widdringtonia whytei, pokumbukira iyeyo. Whyte adadandaula kale nthaŵi imeneyo kuti moto wolusa wa chaka ndi chaka unkapsereza mitengo yambiri. Komabe zaka za m'ma 1890 zisanathe, macheka adali atayamba kale kulira pamwamba pa phiri, pakuti boma latsopano la atsamunda linkafuna matabwa omangira nyumba ndi maofesi ake. M'chaka cha 1927 phiri lidalengezedwa kukhala nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wofuna kudula mkungudza ankayenera kuyamba wapempha chilolezo.

Tisanafike pa malamulo, tiyeni tiione kaye ntchito yeniyeniyo, chifukwa olemba mbiri kaŵirikaŵiri amatchula mabwana a za nkhalango ndi kuiŵala amuna amene ankagwira macheka. Pamwamba pa Mulanje sipafika galimoto. Mtengo ukagwetsedwa, unkachekedwa pomwepo. Ocheka ankadula chipika, nachikunkhuniza mpaka pa thandala la mitengo kapena pamwamba pa dzenje, ndipo ankalemba mizere yake ndi chingwe choviika m'makala. Tsono mmodzi ankaimirira pamwamba pa chipikacho, mnzake ali pansi, aŵiriwo nkumakokerana macheka aatali kuyambira m'mamaŵa mpaka dzuŵa kupendeka. Wapamwamba ndiye ankayang'ana mzere kuti thabwa lisakhote. Wapansi ankasamba utuchi m'maso ndi m'kamwa tsiku lonse. Ankagona konko m'misasa milungu ingapo, m'chisanu chimene ife a m'chigwa sitichidziŵa, atanyamula ufa ndi nsomba zouma kuchokera kumudzi.

Matabwa akatha kuchekedwa, ntchito inkatsalira onyamula. Aŵa ankasenza thabwa lalitali pamutu, pa nkhata, ndi kutsika nalo m'tinjira totsetsereka ta m'matanthwe, ambiri opanda nsapato, ulendo wa maola angapo. Nthaŵi ina a za nkhalango adamanga chingwe cha waya chotsitsira matabwa kuchokera ku Chambe kufika cha ku Likhubula, ndipo njira ya Skyline imene alendo amakwera mpaka lero idatenga dzina lake ku chingwe chimenecho. Koma ku mbali zina za phiri mutu wa munthu ndiwo udali ngolo. Mwini chilolezo, amene ankalipira msonkho ku boma ndi kugulitsa matabwa m'tauni, ndiye ankapeza phindu lalikulu. Wocheka ndi wonyamula ankalandira zongokwanira kugula mchere, sopo ndi kulipira sukulu ya mwana. Komabe m'boma lopanikizana ngati la Mulanje, kumene minda ya tiyi idatenga nthaka yabwino yambiri, ndalama zochepazo zidali moyo wa mabanja ambiri.

Tsopano tifike pa lamulo lija. Pofuna kuteteza mkungudza koma osatseka malonda, a za nkhalango adakhazikitsa kuti chilolezo chiziperekedwa pa mitengo youma yokha. Mtengo wauŵisi sunkaloledwa kukhudzidwa. Pa pepala lamuloli linkaoneka lanzeru, pakuti thabwa la mkungudza wouma silichepa mtengo, ndipo mitengo yophedwa ndi moto idalipo yambiri. Koma taganizani mmene lamulolo linkamvekera m'makutu a munthu wosauka amene waima pansi pa mtengo waukulu wauŵisi. Lidamuuza kuti mtengowo ulibe phindu kwa iye kufikira utafa. Motero ena adayamba kusenda khungwa mozungulira tsinde, ena kusonkha moto patsinde, napita kwawo. Pobwera nyengo ina adaupeza mtengo utauma, woyenera chilolezo monga mwa lamulo. Sitikunena kuti ocheka onse ankachita zimenezi, ndipo sitikuŵachotsera mlandu amene ankachita. Tikungoona kuti lamulo lidaika mphotho pa imfa ya chinthu chimene lidafuna kuchisunga, ndipo alonda oŵerengeka, a malipiro ochepa, sakadatha kuyang'anira tsinde lililonse m'phiri lalikulu chotere.

Mkungudza uli ndi chikhalidwe chimene chidakulitsa vutoli. Ukadulidwa kapena kupsa suphukiranso pa chitsa monga amachitira msuku kapena tsamba. Umamera kuchokera ku njere basi, ndipo mbande zake zimafuna poyera pamene pali dzuŵa. Mumthunzi wa nkhalango yoŵirira sizikula. Moto wa apo ndi apo umazitsekulira malo, koma moto wa chaka chilichonse, monga wa osaka nyama, umazipsereza zisanafike ndi m'chiuno momwe. Pamwamba pa izi, mitengo ya paini ya mtundu wa Pinus patula, yochokera ku Mexico, imene a za nkhalango adabzala okha pa Chambe, idafalikira ndi kulanda malo amene mbande za mkungudza zikadamera.

M'chaka cha 1984 Pulezidenti H. Kamuzu Banda adalengeza mkungudza kukhala mtengo wa fuko la Malaŵi. Ulemu umenewu sudaletse tsoka lina, pakuti mu 1986 m'dziko muno mudapezeka nsabwe za m'mitengo zochokera kunja, zoyamwa madzi a mikungudza ndi mitengo ina ya mtundu wake, ndipo zidaumitsa yambiri. Mitengo youma itachuluka chotero, zidavuta koposa kusiyanitsa umene wafa wokha ndi umene waphedwa.

Manambala akusimba zotsalazo mwachidule. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhalango za mkungudza zidali mahekitala oposa 1,400. Pofika 2004 zidatsala mahekitala 845, ndipo pafupifupi mtengo umodzi mwa itatu iliyonse udali wouma. Lamulo latsopano la za nkhalango lidabwera mu 1997, ndipo kuchokera mu 2007 boma lidaleka kupereka zilolezo zocheka mkungudza. Ambiri tidayesa kuti phiri lapuma. Koma ogula sadaleke kufuna matabwa, ndipo malonda amene kale ankachitika masana, ndi msonkho wake, adasamukira mumdima, m'manja mwa magulu amene sankasankhanso wouma kapena wauŵisi. Zaka khumi zokha zidakwanira. Kalembera wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu yobereka njere isanu ndi iŵiri yokha pa phiri lonse, ndipo pofika 2018 nayonso idali itagwetsedwa. Mu 2019 mkungudza udalembedwa pa mndandanda wachiŵiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa maiko, pamene pa phiri padalibenso thabwa loti nkutumiza kunja.

Kuyambira mu 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a kafukufuku wa za nkhalango a ku Zomba ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International, lidayamba njira ina. Anthu a m'midzi yozungulira phiri adaphunzitsidwa kufesa mkungudza m'manazale, ndipo mbande zawo zinkagulidwa ndi kukabzalidwa pamwamba. Motero mwana wa wocheka matabwa ankatha kulandira ndalama chifukwa cha mkungudza wamoyo. Mbande zobzalidwa zafika mazana a zikwi, ngakhale zambiri zimafa ndi moto ndi chilala zisanakhwime, ndipo zopulumukazo zidzafuna zaka makumi ambiri kuti zifanane ndi zimene Whyte adaona. Njere zofesa m'manazalemo zambiri zidachokera ku mikungudza imene a za nkhalango akale adabzala pa phiri la Zomba, kutali ndi kwawo kwa mtengowu.