Uthenga Udzere Kuti? Durban ndi Mbiri ya Rauta

Rauta ndi kachipangizo koima pamphambano. Kompyuta ya mu ofesi ikatumiza uthenga, uthengawo umagawidwa tizidutswa, kalikonse ndi adiresi ya komwe kakupita. Rauta imawerenga adiresiyo, n'kuyang'ana pa mndandanda wake wa njira, n'kusankha kodzera. Choncho amene akutchera rauta kuti ilumikize maofesi otalikirana amakhala akuyankha funso limodzi: uthenga wochoka muno udzere kuti? Ku Durban yankho lake lakhala likusintha.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mayiko ambiri ankaisala South Africa chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Mayunivesite a m'dzikomo anayamba kulumikizana okhaokha pa netiweki yotchedwa Uninet, kudzera pa mawaya obwereka ku bungwe la boma la matelefoni. Ku Rhodes University, m'tauni ya Grahamstown, ntchitoyi ankaitsogolera ndi Mike Lawrie. Ku University of Natal, mu Durban, kunali Alan Barrett. Mu Novembala 1991, Rhodes inalumikizidwa ndi nyumba ya Randy Bush ku Portland, m'dziko la America. Khomo lotulukira kunja linali limenelo, ndipo uthenga wa mphunzitsi wa ku Durban wopita kutsidya kwa nyanja unkayamba wadzera ku Grahamstown.

Mu 1993 Barrett ndi anzake anakhazikitsa TICSA, imodzi mwa makampani oyamba kugulitsa intaneti m'dzikomo, ndipo amalonda nawo anapeza polowera. Kenaka zingwe za pansi pa nyanja zinadzatulukira ku Mtunzini, kumpoto kwa Durban: SAFE mu 2002, SEACOM mu 2009, EASSy mu 2010.

Njira yakunja inatseguka, koma yam'mudzi inali yozungulirabe. Maofesi awiri a mu Durban, akakhala kuti amagula intaneti ku makampani osiyana, kawirikawiri mauthenga awo ankakakumanira ku Johannesburg, komwe malo osinthanirana otchedwa JINX anatsegulidwa mu 1996. Uthenga wopita kutsidya kwa msewu unkayenda makilomita oposa 1,000 kupita ndi kubwerera, ndipo ulendowo unkadya nthawi ndi ndalama. Mu 2012 bungwe la ogulitsa intaneti la ISPA linatsegula DINX mu Durban momwemo. Makampani anabweretsa marauta awo pamalo amodzi, nagwirizana kuti za mu Durban zizithera mu Durban. Malawi anali atachita kale zofananazo mu 2008, pomwe malo otere anatsegulidwa ku College of Medicine mu Blantyre.

Pa kusintha konseku, ntchito ya rauta inali yomweyo: kuwerenga adiresi ndi kusankha njira. Chinkasintha ndi amene avomera kulandira uthenga wa mnzake. Katswiri amene lero akulumikiza ofesi ya ku doko la Durban ndi nthambi yake ku Lilongwe amasankha pa njira zimene ena anagwirizana kale kuzitsegula. Pomwe mgwirizano palibe, uthenga umazungulirabe, ndipo wolipira ulendowo ndi kasitomala.