Women's Library, The

Women's Library, The: nkhokwe ya mabuku, zolembedwa ndi zinthu zakale zokhudza mbiri ya amayi ndi nkhondo yawo yomenyera ufulu, yomwe imasungidwa ku London School of Economics (LSE) mumzinda wa London.

Inayamba mu 1926 ngati laibulale ya bungwe la London Society for Women's Service, ndipo woyang'anira wake woyamba anali Vera Douie. Pambuyo pake inatchedwa Fawcett Library, polemekeza Millicent Fawcett ndi mwana wake Philippa. Mu 1977 inasamukira ku City of London Polytechnic, mu 2002 inalandira dzina la lero, ndipo LSE inaitenga mu 2013.

Muli mabuku ndi timabuku toposa 60,000, magazini, makalata, zithunzi, maminitsi a misonkhano ya mabungwe a amayi ndi mbendera za nsalu zomwe ankaguba nazo ofuna ufulu wovota. Mulinso tikiti ya sitima yopita ndi kubwerera ku Epsom ya Emily Wilding Davison, yemwe anamwalira mu 1913 atagundidwa ndi hatchi ya mfumu pampikisano wa Derby. Ofufuza amawerengera zolembedwazi m'chipinda chapadera, sabwereka.

Onaninso: Feminist Library (Peckham), Black Cultural Archives (Brixton), komwe kuli mapepala a Stella Dadzie.